Phukusi Lochokera ku Canterbury

Pabalaza pathu kuno ku Bangwe pali chibokosi chachitsulo, m'mbali mwake mokutidwa ndi matabwa a mlombwa. Alendo ena amachiyesa sefa yosungiramo ndalama, poti sunganyamule ndi dzanja limodzi. Ndi ampulifaya. Ndinaimanga mu 1980, ndipo mpaka lero mayi a kunyumba akafuna nyimbo za kwaya Lamlungu masana, ndiyo timayatsa. Mwezi wathawu mdzukulu wanga anabwera ndi kabolodi kofiira kokwana m'chikhatho, n'kukakhazika pamwamba pa chibokosicho. "Agogo," anatero, "aka kali ndi mphamvu ngati chikatundu chanu chonsechi." Atapita ndinatsala ndikuyang'ana ziwirizo, chachikulu ndi kakang'ono, mpaka kunja kunachita chisisira. Nkhope za anthu amene ndakhala zaka osawakumbuka zinayamba kubwera imodziimodzi.

Oyamba kubwera anali amalume. Iwo anali m'gulu la amuna amene ankapita ku Joni pa Wenela, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anabwerera kwathu ku Chiradzulu ndi sutukesi, njinga, ndi gumbagumba ya Supersonic, ija yopangidwa ku Bulawayo. Loweruka madzulo ankaitulutsa pakhonde, n'kupukuta mbale ya simanjemanje ndi mpango, n'kutsitsa singano. Mudzi wonse unkasonkhana, fumbi koboo. Ine kuvina sikunkandikoka. Malo anga anali kuseri kwa gumbagumba, khutu pa timabowo ta kumbuyo, ndipo kumeneko ndinkamva chimene ovina sankachisamala. Amalume akakweza kuti a kutsidya kwa dambo amve, liwu lalikulu lija la Mahlathini linkayamba kusasa, ndipo besi ya Joseph Makwela, m'malo mogunda pachifuwa, inkangopepheruka ngati kapepala kotsekeredwa pa masipoko a njinga. Makina onse oyendera mabatire anali otero masiku amenewo. Nditafunsa chifukwa chake, amalume anagogoda pabokosi ndi chala. "Mphwanga, nyimbo ndi yaikulu, koma kamtima kali umu n'kakang'ono." Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunafuna mtima waukulu.

Mu 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, ndinayamba kuphunzira ntchito yokonza mawayilesi ku Limbe. Mwini shopu anali bambo wofatsa amene anaphunzira ntchitoyi ku Salisbury. Tonse tinkangowatchula kuti Madala. Ntchito yambiri inali ya mawayilesi a Nzeru: wina waiwala mabatire m'kati mpaka achita dzimbiri, wina waduka chingwe chosakira siteshoni, wina mphemvu zamangamo mudzi. Munthu akangomvanso MBC, ankalipira akumwetulira. Koma mwa apo ndi apo kunkabwera galimoto zochokera ku maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi ku Mulanje, zitanyamula maredyogiramu aakulu a azungu, ndipo pofuna kuti asakalike panjira ankawatsekera ndi magazini akale. Magaziniwo Madala sankataya ngakhale tsamba. Munali Practical Wireless, munali Wireless World, ena opanda chikuto, ena akale ndi zaka zitatu. Pa nthawi ya nkhomaliro tinkawatambasula pa benchi, chinangwa chowotcha kudzanja linali.

Kunena zoona, masamba a kumbuyo ndiwo tinkawawerenga kwambiri, kumene kunali malonda. Kumeneko tinaona koyamba timabolodi ta Z30 ndi Z50 ta kampani ya Clive Sinclair, ampulifaya yathunthu pa kanthu kakang'ono, yoti munthu angolumikiza mawaya. Kwa mnyamata wa ku England zinali zongodzaza kafomu n'kuponya pa positi. Kwa ife zinali ngati kuona nsomba pansi pa nyanja uli pamwamba pa phiri.

Choncho tinayamba ndi zomwe zinalipo, ndipo chomwe chinalipo chinali 2N3055. Aliyense amene anagwirako chowotcherera m'zaka zimenezo akuidziwa thiranzisita imeneyi: kachitsulo kooneka ngati chipewa, miyendo iwiri pansi, thupi lakelo n'kukhala mwendo wachitatu. Inayamba kupangidwa ndi RCA ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo inkapirira maampu 15. Tinkaipeza m'makina akufa a m'maofesi ndi m'mafakitale. Bolodi tinkalemba tokha. Tinkajambula njira za magetsi pa kopa ndi kyutekisi wa alongo athu, n'kuviika m'mankhwala achikasu odya kopa, n'kuboola timabowo ndi kadirilo kopukusa ndi dzanja. Zala zinkakhala zachikasu sabata yathunthu.

Vuto la ampulifaya yotere linali kutentha. Thiranzisita ikatentha imalola magetsi ambiri kudutsa, magetsi akachuluka imatenthanso kwambiri, ndipo zikayamba kuthamangitsana choncho mapeto ake ndi utsi. Pofuna kuletsa zimenezi pankafunika kathiranzisita kena kakang'ono komangiriridwa pa chitsulo chomwecho kuti kazimva kutentha n'kumabweza magetsi, komanso mathiranzisita aakulu awiriwo ankayenera kukhala ofanana mphamvu ngati ng'ombe za pa goli limodzi. Ife tinkatola imodzi uku, ina uko. Ampulifaya yanga yoyamba, ya mu 1975, inaimba bwino milungu itatu, kenako usiku wina inangoti psuu, n'kupita nayo limodzi sipika. Ndinalira ngati mwana, chifukwa sipika ija ndinaisungira ndalama miyezi iwiri. Madala sanandidzudzule. Anangotenga chotsalacho, n'kundionetsa ndi nsonga ya sikuludiraiva pamene moto unayambira, ndi chifukwa chake.

Ndiye mudziwe chifukwa chimene mitima yathu inadumphira pamene m'magazini aja munayamba kuoneka malonda a kampani ya ILP ya ku Canterbury, ku Kent. Iwo ankagulitsa chimene ankachitcha module. Mathiranzisita onse, marezisita onse, zonse zija zinkatisowetsa tulo, anaziika pamodzi, anazifananitsa okha ku fakitale, n'kuzithira phula lolimba lakuda, n'kuzimatiza ku chitsulo chokhala ndi zipsepse chochotsera kutentha. Kunja kunkangotuluka miyendo isanu: polowera nyimbo, potulukira kupita ku sipika, magetsi a pulasi, magetsi a mainasi, ndi waya wa pansi. Inalipo HY50 yaing'ono, HY120 ya mawatsi 60, HY200 ya mawatsi 120, ndi chimkulu chake HY400, ya mawatsi 240 pa sipika ya ma ohm 4. Ine maso anga anali pa HY400. Ndinali mnyamata.

Madala ndiwo anandikhazika pansi. Anati khutu la munthu silimva mphamvu monga mmene mita imawerengera. Ukawirikiza mawatsi kawiri, khutu limangomva kuti pakwera pang'ono. Kuti limve ngati phokoso lawirikiza, pafunika mawatsi kakhumi. M'nyumba, munthu akumvera nyimbo mwaulemu, sipika imadya watsi imodzi kapena ziwiri basi. Nanga zotsalazo n'zachiyani? Anati n'za pamene ng'oma yagunda mwadzidzidzi, kapena kwaya yonse yalowa pamodzi. Pa kamphindi kameneko nyimbo imapempha mphamvu yochuluka kakhumi kapena kuposa, ndipo ampulifaya yaing'ono imadula nsonga za mawuwo, n'kumveka kusasa kuja ndinkakumva kuseri kwa gumbagumba. "Taganiza lole ikuchokera ku Chikwawa kukwera kubwera ku Blantyre," anatero. "Ya injini yaikulu imakwera ikung'ung'udza pansipansi. Yaing'ono imakwera ikukuwa. Iwe ukufuna yokwera mwakachetechete. Tenga za 60 ziwiri, zikukwanira moyo wako wonse." Zaka zoposa makumi anayi zapita, ndipo mawu amenewa sanagwe pansi.

Kugula kwake kunali ulendo. Poyamba ndinalemba kalata yofunsa mtengo ndi ndalama yotumizira, n'kudikira yankho. Litabwera, ndinapita ku banki kukadzaza mafomu opempha chilolezo chotumiza ndalama kunja, poti masiku amenewo ndalama yakunja sinkangotuluka. Ndalama imene ndinagwiritsa ntchito sinali yanga ndekha. Tinali titangokwatirana, ndipo m'kachitini tinkasunga yoti tidzagulire makina osokera. Ndinawafotokozera mayi a kunyumba usiku wina, magazini ili pamphasa. Anayang'ana chithunzi cha kanthu kakuda kaja nthawi yaitali. Kenako anati, "Bambo, ngati mtima wanu uli pamenepa, tengani. Makina adzabwera." Mawu amenewa ndimawasunga pamodzi ndi zinthu zamtengo wapatali zimene ndinalandirapo pa moyo wanga.

Ya ndege inali yodula, choncho phukusi linayenda pa sitima ya pamadzi mpaka ku gombe la Mozambique, n'kukwera njanji kubwera ku Limbe. Lachisanu lililonse ndinkapita ku positi ofesi kukasuzumira m'bokosi la shopu. Mwezi woyamba ndinkapita ndikuthamanga, wachiwiri ndikuyenda, wachitatu ndinayamba kuganiza kuti sitimayo inamira. Madala akandiona ndikubwera chimanjamanja ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga," n'kundipatsa wayilesi ina yoti ndikonze. Mwezi wachinayi, mvula yoyamba itangogwa, ndinapeza kakhadi. Ndinalipira msonkho, n'kunyamula kabokosiko m'kati mwa shati kuopa madontho.

Tinakatsegulira pa benchi, anyamata onse atasiya ntchito. Munali mamodule awiri okutidwa ndi pepala, ozizira, olemera bwino m'dzanja, ndi kapepala kamodzi kosonyeza kalumikizidwe. Madala anatenga imodzi, anaitembenuza, anainunkhiza, anayendetsa chala m'zipsepse zake. Kenako anaiika pansi n'kunena kuti, "Mtima ndi uwu. Tsopano thupi ulipeza kuti?"

Funso limeneli ndilo linanditengera kwa anthu amene ndikuwakumbuka lero. Module payokha siimba. Imafuna magetsi osalala a mavolti 35 mbali ya pulasi ndi 35 mbali ya mainasi, ndipo magetsi amenewo amachokera ku thiransifoma yotsitsa mavolti 230 a m'khoma kufika pa 25 kawiri. Kuitanitsa thiransifoma yotere kunja kunali kosatheka, chifukwa kulemera kwake kokha kukanadya makina osokera enanso. Ndinapita kwa bambo wina wokulunga mamota, amene ankagwira ntchito kuseri kwa mafakitale a ku Makata. Anali ndi chala chimodzi chopindika ndi kabuku kakuda kodzaza manambala. Anatulutsa zitsulo za thiransifoma yakale yopsa, anayeza pakati pake ndi rula, anawerengera pa chikuto cha paketi ya fodya, n'kunena kuti pafunika mizere iwiri ya waya pa volti iliyonse. Ndiye kuti mizere 460 ya waya woonda mbali ya kukhoma, ndi mizere 50 kawiri ya waya wonenepa mbali inayo. Ankakulunga ndi dzanja, chikombole chathabwa chili pa chopukusira, akuwerenga chapansipansi, ndipo munthu ukawalankhula ali m'kati mowerenga sankayankha mpaka atafika pa handiredi n'kulemba kamzere pakhoma. Pakati pa mizere ankayala pepala. Atamaliza anaviika chonsecho mu vanishi n'kuchiyanika masiku atatu. Thiransifoma imeneyo ili m'chibokosimu mpaka lero, ndipo ukaika khutu pamwamba pake sumva ngakhale kunjenjemera.

Bokosi lachitsulo linapindidwa ku Ndirande, kwa mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula. Ndinamupititsira chojambula changa cha pa pepala la simenti. Anachiyang'ana, n'kundifunsa kuti kutentha kudzatulukira pati. Ndinali ndisanaganize. Iye sankadziwa thiranzisita, koma moto ndi mpweya ankazidziwa kuposa ine, poti mbaula yosapuma bwino siyaka. Anaboola mizere ya timabowo pansi ndi pamwamba, n'kundiuza kuti zipsepse za mamodule ziimirire chilili kunja kumbuyo kuti mpweya uzikwera pakati pake ngati utsi m'chumuni. Mabowo a mabatani anawaboola ndi chisongole ndi hamala, n'kuwasalaza ndi tupa mpaka kukhala ozungulira ngati ndalama.

Makapasita aakulu awiri, osungira magetsi kuti besi ikagunda isapeze nkhokwe yopanda kanthu, Madala anawachotsa mu ampulifaya yakufa ya kanema n'kundipatsa osandilipiritsa. Madayodi anayi anachokera m'chochajira mabatire. Mabatani a kutsogolo anali a redyogiramu ya ku Thyolo imene mwini wake anaisiya pobwerera kwawo.

Kenako kalipentala. Uyu analinso wa ku Ndirande, munthu wa mpingo wathu, wopanga makabati ndi mabokosi a maliro. Masipika awiri a mainchesi 12 a Goodmans ndinawagula kwa woimba wina amene bandi yake inatha. Magazini inanena kukula kwa bokosi loyenera m'malita, ndipo kalipentala anaseka kuti chiyambire ntchito yake palibe anamuyezetsapo kabati ngati ndowa ya madzi. Koma anaimvetsa nkhaniyo msanga. Anagogoda thabwa lopyapyala, linalira. Anagogoda lochindikala, linangoti thi. "Ndiye mukufuna bokosi losayankha," anatero, "kuti aziyankhula ndi sipika yekha." Anagwiritsa ntchito bulokubodi yochindikala, anaika mitanda m'kati, anamata mfundo zonse ndi guluu kuti mpweya usapeze pothawira, ndipo m'kati tinayalamo bulangete lakale ndi thonje. Matabwa a mlombwa a m'mbali mwa ampulifaya anali mphatso yake. Anati chinthu chimene chayenda panyanja miyezi inayi sichingakhale pabalaza chili maliseche.

Kuyatsa koyamba kunachitikira ku shopu, usiku, titatseka zitseko. Madala anali ndi lamulo limene mpaka lero sindiliphwanya: chinthu chatsopano sichilowa kukhoma chokha, chimadzera m'babu. Unkalumikiza babu la mawatsi 100 panjira ya magetsi olowa. Ngati zonse zili bwino, babulo limawala kamphindi pamene makapasita akudzaza, kenako n'kuzilala mpaka kungotsala kofiirira. Likawala osazilala, ndiye kuti penapake mawaya agundana, ndipo babulo lamwa moto umene ukanapha module. Ndinagwira switchi dzanja likunjenjemera. Babu linati ng'anii, kenako pang'onopang'ono linazilala. Tinayeza: 35 uku, 35 uku, ndipo potulukira kupita ku sipika panalibe kanthu, monga mmene ziyenera kukhalira. Titalumikiza masipika kunamveka kulira kwa nguuu, kosalekeza. Mtima wanga unagwa. Madala anayang'ana m'kati, anadula mawaya anga onse a pansi amene ndinawamwaza m'malo osiyanasiyana, n'kuwasonkhanitsa pa bawuti imodzi pakati pa makapasita. Titayatsanso kunali zii, mpaka ndinayesa kuti yafa.

Ndinali nditabwereka kwa amalume mbale yomwe ija ya simanjemanje, itakalikakalika ndi zaka. Ndinaiika pa choimbira mbale cha Garrard cha pa shopu n'kutsitsa singano. Sindinakweze kwambiri. Besi inatuluka yozungulira, yathunthu, chingwe chilichonse chikumveka pachokha, ndipo liwu la Mahlathini litalowa linaima pakati pa chipinda ngati munthu wamoyo. Kumbuyo kwake ndinamva gitala ya Marks Mankwane ikuchita tinthu timene kwa zaka khumi sindinkadziwa kuti tili m'mbalemo. Mlonda wa sitolo yoyandikana nayo anagogoda kufunsa ngati muli bandi. Madala anakhala pa mpando wawo, maso otseka. Itatha mbaleyo anati tiike Jim Reeves, ndipo tinakhala mpaka pakati pa usiku. Loweruka lotsatira ndinaitanitsa wokulunga mamota, wa zidebe ndi kalipentala kunyumba. Mayi anaphika nkhuku. Aliyense ankaloza mbali yake n'kumauza mnzake mmene anaipangira, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaitchula kuti ampulifaya ya ku England.

Mbiri inamveka, anthu anayamba kuibwereka pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Tinkainyamula pa wilibala, masipika pamitu. Chaka chisanathe makina osokera analowa m'nyumba, ndipo ndi omwe anasoka mayunifolomu a ana athu onse.

Zaka za m'ma 1980 njira ija inavuta. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji, ndipo pofika 1984 ya ku Beira ndi ya ku Nacala zonse sizinkayenda. Katundu ankazungulira kutali pa malole, mitengo inakwera, ndalama yakunja inasowa. Amene ankafuna mphamvu anatembenukira ku mawayilesi a makaseti a ku Japan amene anthu ankabwera nawo kuchokera ku Joni ndi ku Harare. M'kati mwa ena a iwo munali mamodule a Sanyo otchedwa STK, akuda, athyathyathya, kumsana kwa aluminiyamu, miyendo yambiri pamzere umodzi ngati chipeso. STK4141 inkapereka mawatsi 25 mbali iliyonse, STK4192 mawatsi 50. Wayilesi ikafa mbali ya kaseti, ife tinkaigula motchipa chifukwa cha STK yokhayo. Panali kudziwana: ukamva kuti mnzako wa ku Zomba kapena ku Lilongwe ali ndi 4192 yamoyo, unkatumiza uthenga pa kondakitala wa basi, iye n'kuitumiza itakulungidwa m'sokosi. Kumidzi kopanda magetsi tinkamangira anthu tiampulifaya ta TDA2003 toyendera batire la galimoto, ndipo timeneti tinavinitsa maukwati ambiri kuposa zazikulu zonse.

Mu 1991, mvula ya mu Januwale, mphenzi inagwa pafupi ndi nyumba n'kulowera m'mawaya. Mbali ya kumanzere inafa. Module yothiridwa phula siitseguka, ndipo pamenepa ndinaona mtengo wa ubwino wake uja: chimene chinaiteteza ku chinyezi ndi mphemvu zaka khumi ndi chimodzi ndicho chinanditsekera ine kunja. Mwamwayi msuweni wanga amene ankaphunzira unamwino ku Britain anali atandibweretsera kale zipangizo za ampulifaya ya MOSFET ya Maplin, ija ya mathiranzisita a Hitachi 2SK135 ndi 2SJ50. Mathiranzisita amenewa ali ndi khalidwe losiyana ndi 2N3055: akatentha amachepetsa okha magetsi, sathamangitsana ndi moto. Chinasowa ndi chitsulo chochotsera kutentha. Ndinabwerera ku Ndirande, ulendo uno kwa oumba mapoto a aluminiyamu. Ndinasema chikombole cha thabwa chokhala ndi zipsepse, iwo anachidinda mumchenga, anasungunula mapisitoni akale, n'kuthira. Kumaso kwake ndinakusalaza ndekha ndi sandipepa pa galasi masiku awiri. Choncho chibokosi changa chili ndi mitima iwiri yosiyana, wa kumanja wa 1980, wa kumanzere wa 1991, ndipo palibe mlendo amene anasiyanitsapo ndi khutu.

Cha m'ma 1994, zinthu zitatseguka, phokoso linakhala malonda. Misonkhano ya zipani, matchalitchi atsopano, mabala, onse ankafuna zokuzira mawu. Anyamata anayamba kumanga maampulifaya aakulu a mathiranzisita a Toshiba, 2SC5200 ndi 2SA1943, kuwandandalika asanu uku asanu uku. Zipangizo zinayamba kubwera zambiri ndi amalonda a ku Dar es Salaam, Johannesburg ndi Dubai, koma pamodzi nazo panabwera zachinyengo. Unkagula STK yooneka bwinobwino, dzina lolembedwa mwaukhondo, koma ikangogwira ntchito ola limodzi yapita. Ukaiswa ndi hamala unkapeza m'kati muli kanthu kochepa ngati njere ya mpiru pamalo pamene yeniyeni ili ndi chachikulu. Amene ankavutika ndi mmisiri, chifukwa mwini katundu sankadziwa za njerezo, ankangoti wandibera. Tinaphunzira kuyeza kulemera m'dzanja, kupala zilembo ndi chikhadabo, ndi kukonda chakale chochotsedwa m'makina akufa kuposa chatsopano cha m'pepala. Nthawi yomweyo m'masitolo munadzaza mawayilesi olembedwa mawatsi masauzande ndi zilembo za PMPO. Ine ndinkangouza anthu kuti anyamule. Masiku amenewo mphamvu yeniyeni inkalemera, chifukwa inkafuna kopa ndi chitsulo.

Lero ngakhale muyeso umenewo sugwiranso ntchito, ndipo ndiyenera kuvomereza. Mayina amene tinkawalota ambiri anapita. Gawo la Sanyo lopanga zipangizozi linagulidwa ndi ON Semiconductor mu 2011, ndipo masitolo a Maplin anatsekedwa mu 2018. Koma mamodule amphamvu sanayambe apezekapo mosavuta ngati lero. Amene ali ndi ndalama angathe kuitanitsa a Hypex a ku Netherlands kapena a ICEpower a ku Denmark, a mawatsi mazanamazana, omveka bwino zedi. Amene alibe amagula timabolodi ta ku China ngati ka mdzukulu wanga, pa foni, kapena pa benchi ya mumsika wa Limbe. Timeneti ndi ta mtundu wotchedwa Class D. Mathiranzisita ake sakhala otsegula theka ngati a kale aja, amene mphamvu yambiri ankaitaya ngati kutentha. Amangotseka ndi kutsegula kambirimbiri pa sekondi imodzi, liwiro loti khutu silingamve, ndipo pa magawo khumi a magetsi, pafupifupi asanu ndi anayi amafika ku sipika. N'chifukwa chake safuna zipsepse zazikulu kapena thiransifoma yolemera.

Mdzukulu wanga atabweranso, ndinamuuza kuti tikayeze kanthu kake. Pakati pake pali TPA3116 ya Texas Instruments, miyendo yake yoonda ngati tsitsi. Ankakayendetsa ndi chaja ya laputopu ya mavolti 19. Tinalumikiza rezisita ya ma ohm 8 m'malo mwa sipika, tinakweza mpaka mawu atatsala pang'ono kusasa, mita n'kuonetsa mavolti pafupifupi 12 ndi theka. Ndinamupatsa pensulo: chulukitsa nambalayo ndi iyo yomwe, ugawe ndi 8. Anapeza mawatsi pafupifupi 20. Nkhope inagwa pang'ono, poti pa bolodi analembapo 50. Ndinamuuza kuti 50 imeneyo ilipo ndithu, koma imafuna mavolti oposa 20 ndi sipika ya ma ohm 4, ndiponso kuti mawatsi 20 oona ndi ochuluka kuposa onse amene mudzi wa Chiradzulu unavinira ubwana wanga wonse. Titakalumikiza ku masipika anga a Goodmans kanaimba mokoma, ndipo ndinamuuza choncho mosabisa. Kanthu aka kangayende ndi batire la sola kumudzi tsiku lonse. Ndikanakhala nako mu 1975 ndikanagona nako pamtsamiro.

Chimene chimandikhudza ndi china. Kabolodi kameneka kamabwera kali ndi zonse, mpaka Bluetooth. Sikafuna wokulunga mamota, chifukwa chaja ya laputopu ilipo. Sikafuna wa zidebe, poti sikatentha. Kakafa sikakonzedwa, umangogula kena. Mnyamata angathe kumanga ampulifaya yamphamvu osatuluka m'chipinda chake, osapempha nzeru kwa munthu, osaphikira aliyense nkhuku. Ine kusowa kwa zipangizo kunandiyendetsa Blantyre yense wapansi, n'kundipatsa abwenzi amene ena ndinadzanyamula nawo maliro a ana awo, iwo n'kudzanyamula a makolo anga. Madala anatisiya mu 1998. Wokulunga mamota uja anatsatira pasanapite nthawi, ndipo kabuku kake kakuda sindinakaonenso.

Koma mdzukulu wanga, atamvera masipika anga, anayang'ana tamasipika take ta pulasitiki n'kukhala chete. Kenako anafunsa kuti, "Agogo, mabokosi awa munagula kuti?" Loweruka lapitali tinakwera minibasi awiri kupita ku Ndirande. Pamalo paja pali shedi ya malata tsopano, ndipo amene akupala matabwa ndi mwana wa kalipentala uja, naye imvi zayamba. Anandizindikira ndisanadzitchule. Mdzukulu wanga anatulutsa foni kuti amuonetse miyeso, n'kuyamba kufotokoza mwamanyazi kuti bokosilo liyenera kukhala la malita 40. Kalipentalayo anaika pulena pansi, anapita pakona, anasankha thabwa lochindikala, analigogoda ndi chala n'kutchera khutu. "Bambo ankati lizikhala losayankha," anatero. Atiuza kuti tikatenge Lachinayi, ndipo bulangete lakale loyala m'kati mayi a kunyumba alichapa kale, lili pachingwe panja.